Sikelo ya ku Makwasa

Zaka khumi ndi zinayi ndinali mlembi wa pa sikelo
m'munda wa tiyi kuseri kwa Makwasa.
Dengu likakwera pa mbedza, muvi unkanjenjemera,
ine n'kulemba usanakhazikike:
theka la kilo kwa uyu, theka kwa uyo.
Pofika Lachisanu matheka aja asanduka dzina
la munthu amene sanabadwepo,
koma malipiro ankalandira ndithu,
m'thumba langa lakumanzere.

Musandiyang'ane choncho.
Othyola tiyi nawo ankadziwa zawo:
masamba owazidwa madzi a m'ngalande,
kamwala kogona pansi pa dengu ngati dzira la nkhwali.
Tinkaberana mwaulemu, tikufunsana za ana,
chiperoni chikutinyowetsa tonse mofanana.

Abusa Muhiwa amati tinabadwa nacho,
chili m'magazi ngati malungo akale,
chimangodikira mvula.
Mlamu wanga Khwiya, akabwerako ku Luchenza ali chilezere,
amati: nanga anthu otere n'kuwafunsiranji
kuti asankhe woyendetsa dziko?
Mbuzi n'kusankha mlonda wa chimanga?
Pafunika mmodzi, wa dzanja lolemera, atiwongole.

Mmodziyo adzabadwa kwa yani, mlamu?
Adzatsika ku Sapitwa, wopanda mimba, wopanda abale?
Ine ndinakhalapo mmodzi.
Sikelo inali yanga ndekha, nkhope yake itapenya kwa ine.
Ndikudziwa zimene dzanja limachita likatsala lokha.

Usiku wa chisankho anandiika powerenga mavoti
m'kalasi yonunkha choko ndi ndowe za mileme,
nyali imodzi, madesiki okankhidwira kukhoma,
oyang'anira a zipani atatizinga
ngati anthu odikira kugawana nyama ya pamaliro.
Palibe ankakhulupirira mnzake.
Ndinayamba ndachita nazo manyazi,
kenako ndinaona kuti nyumba yonseyo
yaima pa kukayikirana komweko.

Pakati pawo panali mayi Nakhumwa,
zala zakuda ndi utomoni wa tiyi,
amene madengu awo ndinawapepula zaka zonse zija.
Sanandipatse moni. Ankangopenya manja anga.

Cha m'ma leveni linatuluka pepala lovuta:
chidindo cha chala chitagwera pamzere,
theka kwa uyu, theka kwa uyo,
ndipo uyo ndi amene analonjeza malata a tchalitchi chathu.
Dzanja langa linakumbuka ntchito yake yakale,
linayamba lokha ulendo wopita ku mulu wolakwika,
mwakachetechete, ngati mphaka wolowera ku nsomba.

Mayi aja anatsokomola.
"Kwezani m'mwamba, alembi. Tione tonse."

Mawu amene sanathe kuwanena pa sikelo,
zaka khumi ndi zinayi atawasunga m'kamwa ngati njere.
Ndinakweza. Tinaona tonse. Tinakangana mpaka nyali kuphethira.
Pepalalo linapita pa mulu wa owonongeka.

Amene anapambana si mngelo, musanamizidwe.
Anagawa shuga ndi zitenje pa Thunga,
ine shuga ndinalandira, ndinamwera phala;
chitenje chake, ndikumva, mayi Nakhumwa amafunditsa mdzukulu.
Mwina naye adzaba. Mwina wayamba kale.
Koma zikatha zaka zisanu adzakwera pa mbedza,
ife akuba anzake titaunjikana,
aliyense diso pa muvi, diso pa dzanja la mnzake.

Kaya tinabadwa opindika, kaya njala ndiyo inatipinda,
zimenezo akambirane abusa ndi mlamu wanga.
Nthochi za kuno nazo zimabadwa zokhota
koma msika wa Bvumbwe sunatsekedwepo.
Ine chimene ndinaphunzira mochedwa n'chaching'ono:
sikelo itembenuzidwe, nkhope ipenye kwa anthu.

Tinatuluka kukucha, nkhungu itaphimba mizere ya tiyi.
Mayi Nakhumwa anamanga dengu kumsana,
ntchito ikuwadikira ngati kuti dziko silinasankhe kanthu.
Pa mphambano anatembenuka.
"Lero mwawerenga bwino," anatero.
Za matheka aja sanakhululuke,
ndipo ine sindinapemphe.