Mtengo wa Dzina

Kalata idafika Lachiwiri,
magetsi atathima chim'mawire,
ine ndikuyanika matewera a khanda la mlendo
kuseri kwa ofesi yathu ku Mtendere.
Envulopu yolemera, chidindo cha maloya a ku Longacres.
A Simfukwe, eni malole asanu,
akuti tawayipitsira mbiri.
Dzina lawo aliyika pa sikelo
ndipo lalemera makwacha zikwi mazana asanu.
Ife kubanki kwatsala za lendi ya mwezi uno
ndi za sopo.

Ndidaseka kaye. Kenako mawondo adazizira.

Loya wathu Mutinta, amene satilipiritsa,
adatsika minibasi nsapato zili mbuu.
Adakhala pa benchi pomwe amakhala olira
nayamba kuwerenga pa zala.
Choyamba, chowonadi sichiyipitsa mbiri ya munthu,
chimangomuvula jekete.
Chachiwiri, mudalembera yani? Apolisi ndi achipatala.
Simudakaime pamsika wa Soweto n'kumakuwa,
mudauza oyenera kumva, mopanda dumbo,
ndipo lamulo limawudziwa udindo wotere.
Chachitatu...
Chala chidatsala m'malere.
"Koma Mayi Daka, khoti silikhuta mawu.
Lidzafuna umboni."

Umboni uli mu kabati yachitsulo,
fayilo nambala 214:
chithunzi cha nthiti ziwiri zothyoka, lipoti la dokotala,
ndi dzina la mayi amene ndidamulonjeza
kuti ngakhale khoma silidzamva.
Lero amagulitsa salaula kudera
lomwe sinditchula muno.
Mwana wake wayamba giredi wani,
wasiya kuthawira kunsi kwa bedi lole ikadutsa.

Ndiye ndimuyitane?
Ndimuuze kuti bwera udzamasule bala
pamaso pa woweruza ndi pa mwini nkhonya
kuti chitseko chathu chisatsekedwe?
Dzina la a Simfukwe lili ndi maloya atatu.
Lake lili ndi ine ndekha,
ndi kiyi amene ndimamanga pamfundo ya chitenje.

Masiku atatu ndidazungulira foni ngati mbaula yotentha.

Lachisanu idalira yokha.
"Ndamva. Mu Lusaka nkhani silipira basi.
Mundiuze tsiku, ndibwera nazo nthiti zanga."
Ndidati, palibe akukukakamiza, mwanawe.
"Ndikudziwa," adatero. "N'chifukwa chake."
Kumbuyo kwake wina ankanenerera mtengo wa malaya.

Mlandu awukankhira ku Okutobala.
Mutinta akuti tili ndi poyima,
sakuti tapambana.
Akuti kalata iliyonse izidzera kaye m'maso mwake,
tizilemba zimene taona ndi zimene tauzidwa
osazisakaniza.

Madzulo ano pakhomo pagogoda wina,
diso lotupa, zovala m'pepala la pulasitiki,
nsapato imodzi.
Ndamupatsa madzi. Ndatsegula buku, ndalemba tsiku.
Ndafunsa dzina la mwamunayo
ndipo ndivomere, dzanja lanjenjemera pang'ono
cholembera chisanagunde pepala.
Ndalemba ndithu, chilembo ndi chilembo,
ndamufunsanso ngati ndalemba bwino.