Choko cha ku Luton

Zaka khumi ndi zinayi ndinadya choko ku Bilira.
Chinkandilowa m'zikhadabo, m'nsidze,
m'kolala ya shati ya Lolemba.
Nditakwera ndege ndinati basi, tasiyana.
Osadziwa kuti chinatsogola.
Ndinachipeza kuno chikundidikira mumpopi.

Akuti zitunda za kuno pansi pake ndi choko chokhachokha,
mvula ikalowa imatuluka itasenza.
Madzi ake oyera mbee, osakayikitsa,
koma sopo akagweramo amakana thovu
ngati mwana wa kumbuyo wokana kukweza mkono.

Makina a khofiwa ndinagula pamsika wa Lamulungu,
kumbuyo kwa galimoto ya mayi wina wa ku Dunstable,
mapaundi makumi atatu, kapu imodzi yabasera.
Miyezi isanu anandiyimbira bwino.
Kenako chifuwa.
Dontho, kupuma, donthonso,
ngati Bambo Pickering a m'chipinda nambala naini
amene ndimawaperekeza kokataya madzi usiku,
ine n'kuyang'ana kukhoma, kudikira.

Nditatsegula m'kati, njereza yokhayokha,
ngati wina wapaka nyumba kukonzekera ukwati.

Ndinathira viniga. Khitchini inanunkha masiku atatu.
Ndinayesa madzi ogula,
mabotolo asanu ndi limodzi kukwera nawo masitepe,
msana unandifunsa ngati ndinabwera kuno kudzatunga.

Ndiye Loweruka, nditaweruka,
maso ali psuu, ndinalowa kwa Imran ku Bury Park.
Anandipatsa kapepala koviika m'madzi,
kanasintha mtundu ndisanaphethire.
Anaseka: afika pamapeto penipeni awa.
Anatsitsa sefa yomangira kunsi kwa sinki,
yamphamvu, yokhala chaka,
koma yofuna kuboola paipi,
ndipo landilodi wanga salola ngakhale msomali wa kalendala.
Ina yolowetsa m'thanki ya makina momwemo
sinagwirizane ndi anga, akale kwambiri,
kampani yake mwina inafa.
Inatsala jagi. Jagi wamba ya pulasitiki
yokhala ndi kamtima kosintha mwezi ndi mwezi.
Ndinawerengera pamtima, kuchulukitsa ndi khumi ndi ziwiri,
n'kuona fizi ya Tiyamike ikuchepa pang'ono.
Ndinaima nthawi yaitali.

Ndinafunsa ngati ilipo yochotsa zonse,
choko chonse, osasiyako.
Anati ilipo, koma simungaikonde.
Madzi opanda kanthu khofi amazizira m'kamwa,
amawawasa, alibe pogwira.
Pamafunika katsaleko pang'ono.

Katsaleko pang'ono.
Ndinayenda nawo mawuwo mpaka pa siteji ya basi.

Khofi ndi wa ku Misuku.
Mlongo wanga Mwatitha amamukulunga m'majumbo awiri
n'kupatsira aliyense wobwera,
wa maliro, wa tchuthi, wa mapepala.
Nyemba zimenezi zinakula ndi nkhungu ya m'mapiri,
zadutsa Addis, zagona pa Heathrow,
sindingazimize m'madzi a dasitala.

Tsopano m'mawa uliwonse, kunja kudakali bii,
ndimadzaza jagi n'kukhala pansi.
Siyifulumira. Imatsitsa madzi ngati ikuwerenga mayina.
Makina asiya kutsokomola.
Fungo limakwera mpaka kwa Agnieszka wa pamwamba,
amene tsiku lina anagogoda ndi kapu m'manja
osanena chilichonse.

Dzulo ndikutsuka ketulo yakale
chibenthu cha njereza chinagwera m'dzanja,
chotalika ngati chikhadabo.
Ndinachiyesa pa thailosi yakuda ya pafupi ndi windo.
Chinalemba. Mofooka, koma chinalemba.
Ndinaika deti yosinthira sefa,
pamwamba, kudzanja lamanja,
n'kudula mzere kunsi kwake
dzanja lisanandifunse.

Kenako ndinatembenuka.
Kumbuyo kunali furiji, mpando umodzi,
ndi yunifolomu yabuluu yoyanikidwa pa hita.
Ndinamwa khofi ndili chiimire.
Basi ya sikisi siidikira aphunzitsi.