Chipolopolo Chosokera

Inali itangokwana 2 koloko usiku, mu Julaye,
chifunga chitatsika ku Kaning'ina n'kukhala pa malata a Luwinga,
pamene kompyuta ya ku labu inaphethira kawiri
n'kundilembera mawu m'zilembo zimene sindinaphunzirepo kusukulu.

Ndinaizimitsa. Ndinaiyatsanso.
Ndiwo mankhwala amene ndimawadziwa bwino,
ine Gomezgani, mnyamata wa mawaya pachipatala pano.

Kenako ya ku famase. Kenako ya kolembetsera odwala.
Imodziimodzi, ngati nkhuku za chitopa.

Sisitala Nyachirwa anabwera akuwunikira ndi foni:
"Mayi wa pa bedi 9 uja, magazi ake ndi a gulu liti?
Dzulo tinalemba m'menemo."
M'menemo munali mdima.

Akuti ndi nkhondo.
Akuti kwinakwake, kumene kumazizira kuposa kuno,
anyamata a msinkhu wanga, ovala majuzi abwino,
olandira malipiro ku boma lawo ngati ine,
amalowa ntchito m'mawa, kumwa khofi,
n'kutumiza kachilombo kudziko la adani awo.
Koma kachilomboko sikadziwa mapu.
Sikaima pa Songwe kudinditsa pasipoti.
Kanayenda pansi pa madzi m'chingwe chonga tsitsi,
kanapeza chitseko chathu chili chitsegukire
chifukwa ndalama ya loko
tinaiyembekezera chaka chatha, ndi chaka chinacho.

Ku Moyale lipenga silinalire.
Asilikali anagona bwino, nsapato zili pansi pa bedi.
Akanaloza kuti mfuti?
Palibe utsi, palibe fumbi, palibe ngakhale phazi
loti galu anunkhize.

Tinakafukula kaundula wakale m'sitolo,
wachikuto cholimba, wodyedwa ndi mbewa m'mphepete.
Nyachirwa anabayanso chala cha mayiyo,
timadontho titatu pagalasi,
ine nditagwira foni, dzanja likunjenjemera,
osati ndi chisanu chokha.
Mwana analira cha m'ma 5.
Mayi wake anatsegula maso mochedwa,
mochedwa kwambiri moti ndinali nditayamba kale kupemphera m'Chitumbuka.

Kutacha, wailesi ya alonda pageti:
dziko lina lakana, dziko lina lachenjeza,
akazembe akumana m'chipinda chofunda,
onse akuti ndi okonda mtendere.
Dzina lathu silinatchulidwe.
Akabaza anali kale pamzere, akupukuta mame pazishalo,
ndipo ku Taifa mtsikana wa m'kabokosi ka ndalama za pafoni
ankangouza aliyense kuti netiweki, achimwene, netiweki.

Iwe mnzanga wa kutali, amene unadina batani,
mwina pano waweruka, uli m'basi, ukuwodzera,
mwina bwana wako wakugwira paphewa kuti wagwira ntchito.
Sindikudziwa nkhope yako, ndipo sindikudana nawe mokwanira.
Ndikungofuna tsiku lina ulembe mawu awa pamakina ako:
Mzuzu.
Uone ngati kutuluke kanthu.

Ine ndikadali pano, sikuludiraiva m'thumba,
makompyuta khumi ndi anayi atandiyang'ana ndi maso akuda,
tiyi wanga wa dzulo atazizira pawindo.