Lachisanu ku Chibavi

Ine ndimakhala pakhomo ndi kachitini ka ndalama.
Kanema ndimamumvera kumsana,
zoonera zanga ndi nkhope za anthu.

Lachisanu lija kunkawaza kamvula ka Mzuzu,
kaja kosanyowetsa malaya koma kolowa m'mafupa,
ndipo mabenchi onse anadzaza:
akabaza, amayi a tomato a ku Zigwagwa,
aphunzitsi awiri amene anati angousa mvula.

Pagalasi mwamuna akununkhiza diresi la mkazi wake,
akuwerenga mphindi za pakati pa msika ndi pakhomo.
Mkaziyo wasamba kachiwiri tsiku limodzi.
"Mwaona!" anakuwa Mapopa wa njinga,
"madzi achiwiriwo ali ndi mwini wake!"
NyaLuhanga anayankha osacheuka:
"Kusamba kwasanduka mlandu liti?
Poti inu mumadikira Loweruka."
Phwete linagwedeza malata.

Kenaka kuchipinda, nyale yofiira,
chala chikuyenda pang'onopang'ono m'khosi,
batani loyamba,
lachiwiri,
ndipo m'shedi monse munati zii.
Wina anameza malovu tonse n'kumva.
A Kanyenda, mkulu wa mpingo,
anaphimba maso ndi chipewa chobooka pakati.
Mtedza unaima panjira, pakati pa dzanja ndi kamwa.

Koma nkhope ya mwamuna wa m'chipindamo sinaoneke.
Kaya ndi mbala, kaya mwini nyumba,
kaya ndi loto chabe la munthu wansanje
wodzikolezera moto m'mutu n'kumaotha yekha.

Pa benchi lakumbuyo panali banja
limene linalowa litagwirana manja.
Ndinaona manjawo akumasuka chala ndi chala.
Foni ya bambo inawala m'thumba,
anaizimitsa osaiyang'ana.
Mayi anayang'ana osafunsa.

Wansanje uja atangogwira chitseko cha kuchipinda,
magetsi thi!

"Bwezani ndalama zathu!"
"Lizani jenereta!"
Jenereta ilibe mafuta chiyambire Lolemba.

Mlandu unazengedwa pomwepo, mumdima.
Mapopa anam'pitikitsa mkaziyo ndi katundu yemwe,
ngakhale iye mwini ali ndi khomo lina ku Luwinga
limene tonse timalidziwa.
NyaLuhanga anati wofunafuna njoka m'nyumba
ngakhale chingwe cha mtolo chimamuluma.
Mtsikana wina wa ku yunivesite anayesa kunena
kuti nkhaniyi si ya chigololo, ndi ya mantha,
koma mawu ake anamira m'phokoso.
A Kanyenda anati filimu yonyansa chotere
sanaionepo chibadwire,
kenaka n'kundinong'oneza: "Mawa muibwereza?"

Banja lija linatuluka mwakachetechete,
ambulera imodzi,
phewa la aliyense likunyowa.

Otsalawo anandizinga ndi matochi a foni:
"Iwe unaionera kale, imatha bwanji?"
Ndinati disiki ndi yokalika kumapeto.
Ndinanama. Ndaiona kasanu.
Amakankha chitseko, m'chipinda mulibe munthu.
Bedi loyalidwa bwino,
pilo wake ndi wa mkazi ali phee,
sutikesi yokha ndiyo yachoka pamwamba pa kabati,
yasiya malo opanda fumbi.
Ndani akanandilipira mathero otere?

Ndinakhoma loko, ndinaponda matope
mpaka kwathu ku Mchengautuwa.
NyaMwafulirwa anali akadali maso, kandulo ili patebulo.
Analandira jekete langa monga mwa masiku onse,
koma asanalikoleke pa msomali
analiyandikitsa kumphuno, pang'ono chabe.

"Mvula," ndinatero.
"Eya," anati, "mvula."

Kuseri kwa chitseko thaulo lake linali lonyowa,
usiku wozizira chonchi.
Ndinalikhudza.
Funso linakwera mpaka pakhosi,
ine n'kukweza maso pamwamba pa kabati:
sutikesi ikadalipo.

Ndinameza funsolo ndi tiyi wozizira.
Tinagona chofulatirana,
misana yokha ikufunditsana,
aliyense akupuma ngati wagona.