Kamodzi Kamene Kanasowa

Groningen, mwezi wa Novembala.
Mvula ya kuno siigwa, imangodutsa cham'mbali
ngati munthu wokana kupereka moni.
Jekete ndayanika pa chitsulo chofunditsa chipinda,
njinga ndaisiya panja pakati pa zinzake mazana,
zonse zakuda, zonse zonyowa.

Tjeerd wandisiyira kapepala pa kiyibodi:
"Wietske, pulogalamu ija ndakuikira kale.
Ulembe dzina lake, udine batani lalikulu.
Ikakukalipira usakwiye, imatero ndi aliyense."

Sikirini ili bii.
Palibe chithunzi, palibe poloza,
kamzere kamodzi kokha kakuphethira, kuphethira,
kudikira kuti ndiyambe ndine kulankhula.

Ndalemba. Yakana.
Ndaiwala mpatuliro pakati pa wani ndi ziro.
Ndalembanso. Yakananso:
mkutiramawu ndatsegula koma osatseka,
ndipo makinawa ngati mayi anga,
chitseko chosiya pululu sachilekerera.

Kachitatu yayankha: 14.
Ine ndimafuna 7.
Ndamwa khofi wozizira, ndayang'ana kudenga,
kenaka ndakumbuka:
G2 ili ndi mizu iwiri yoyambira, waufupi ndi wautali.
Kope langa limawerenga wautali poyamba,
makinawa amayamba ndi waufupi.
Palibe wanama. Tangoima mbali ziwiri za ngalande imodzi,
aliyense akuti tsidya ndi kwa mnzakeyo.
Ndasinthanitsa manambala.
7.
Ndamwetulira ndekha ngati wapeza kiyi m'thumba lomwe anafufuzamo kale.

Tsono funso lenileni,
lija landidyera masabata atatu.
Ndinalinyamula m'sitima yopita ku Zwolle,
ndinalijambula pa bondo, nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi,
mizu khumi ndi iwiri, pensulo mpaka kufupika ngati ndudu.
Gulu la Lie silioneka ndi maso,
timaliona pa mithunzi yake;
ine ndinachulukitsa mthunzi wa 7 ndi mnzake wa 7,
ndikuti ndiuphwanye m'zidutswa zosaphwanyikanso.
Ziyenera kukwana 49.
Zanga zinkathera pa 48.
Ndinawerenga m'mawa, 48. Ndinawerenga usiku, 48.
Sindinauze munthu.

Ndalemba funsolo pa mzere umodzi.
Chala chisanachoke pa batani, yankho ili:
27, 14, 7,
ndi 1.

Kamodzi.
Mthunzi uja umene gulu lonse limazungulira, kutembenuka,
iwo uli phee, osasuntha n'komwe.
Ndinawerenga onse ovina m'bwalo,
wokhala pansi pakona ndinamudumpha
chifukwa sanachite phokoso.

Ndakhala kaye chete.
Masabata atatu, makina awameza kamodzi n'kamodzi,
osatafuna.
Mtima wafuna kuwawa, koma ayi:
ndikanapanda kutha pensulo ija,
1 ameneyu ndikanamuona ngati nambala wamba,
sindikanamudziwa kuti ndi mlendo amene ndinkamudikira.

Mwamasewera ndafunsa za E8, chimphona chija.
248, yatero, osapuma n'komwe.
Ndaseka mokweza.

Mayi Oosterhuis alowa ndi ndowa ndi chokolopera,
ayang'ana madzi odontha m'nsapato zanga,
ayang'ana sikirini, agwedeza mutu.
"Kwada kale kunjaku. Nyali ya njinga yako imayaka?"
Ndati imayaka, ngakhale sindikudziwa.

Ndatsegula kope pa tsamba lofufutafufuta lija,
pansi penipeni ndalemba 1, ndamuzunguliza.
Ndavala jekete, idakali yachinyezi m'mapewa.

Kamzere kaja kakuphethirabe.
Ndatembenuza kapepala ka Tjeerd, kumbuyo kulibe kanthu.
Wandiphunzitsa kalowedwe,
katulukidwe sanandiuze.
Ndayesa liwu limodzi, yakana.
Ndayesa lina, yandifunsa ngati ndi dzina la gulu.
Basi, ndaisiya choncho, ili maso mumdima,
mawa tidzayambira pomwepo.