Masiku Makumi Asanu ndi Limodzi

Ndinasaina pa 9 Januwale, chiimirire,
ndi cholembera chomangidwa kachingwe pa kauntala ya sukulu,
manja akadanunkha fakitale ya magalasi.
Mlembi anadinda pepalalo nati:
kuyambira lero ndi masiku makumi asanu ndi limodzi,
lamulo likutero, bambo Hruska.
Ndinapinda langa n'kuika m'thumba la jekete
ngati lisiti la katundu amene sanafike.

Emmett ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.
Mabasi onse a mu Toledo amawadziwa pamtima.
Sitima ikamawoloka mtsinje wa Maumee usiku
amandiuza ali m'bulangete ngati yalemedwa kapena ili pululu.
Koma zilembo zimamuzemba.
Akuti b ndi d zimasinthana malaya iye akaphethira,
akuti mizere imayenda ngati linthumbu
ndipo aphunzitsi saona.

Kalendala ndinaimata pa chitseko cha filiji.
Ndikaweruka mbandakucha, nsapato ndisanavule,
ndimadula tsiku limodzi ndi pensulo yofiira.

Tsiku la 14 chipale chinafika m'mawondo, sukulu anatseka.
Ndinaimba foni kufunsa ngati masiku a chipale amawerengedwa.
Anandiyankha ndi makina.

Tsiku la 23 ndinapeza mayeso a kalembedwe
atakwinyidwa pansi pa chikwama, pamodzi ndi khoko la nthochi.
Awiri pa khumi.
Sindinamufunse. Anafunsa ndi iye, akutsuka mano,
thovu lili kukamwa:
adadi, kodi umbuli umachira?

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha.
Nkhono ilibe kalasi yoti imalize Juni asanafike.
Nkhono saiimika kutsogolo kuti iwerenge mokweza
anzake akubisa phwete m'manja.

Tsiku la 37 mayi Szymanski anandiimbira.
Iwo ndiwo amayeza ana, munthu mmodzi sukulu zitatu.
Ndimamva kuti ali m'galimoto, akutafuna kenakake mofulumira.
Sindinamuiwale, anatero, kungoti patsogolo pake pali ana khumi ndi anayi,
wina salankhula n'komwe.
Ndinali nditakonza mawu aukali sabata yonse.
Ndinangoti zikomo.
Kulephera kuwakwiyira n'kumene kunandiwawa koposa.

Lamulo limawerenga masiku ngati ofanana.
Silidziwa kuti Lachiwiri ndi tsiku lowerenga pagulu
ndipo Lachiwiri lililonse m'mimba mwa mwana wanga mumapota.

Tsiku la 55 anamutenga kukachipinda kopanda windo.
Timatabwa tamitundumitundu, zithunzi, wotchi yoimitsa ndi chala.
Anatuluka makutu ali psuu.
Ndawauza za basi ya ku Sylvania, anatero,
ndipo alemba zonse.

Pa 10 Malichi tinakhala anthu asanu
pa timipando ta ana, mawondo ali m'mwamba.
Masamba khumi ndi asanu ndi awiri.
Vuto lake lili ndi dzina, lalitali,
ndinapempha kuti alitchule kawiri.
Ahedi anayang'ana wotchi, nkhope ili ngwee:
takwanitsa, tsiku lomaliza lenilenilo.
Maso a mayi Szymanski anali ofiira ngati anga.
Kenaka wina anawonjeza, akutseka fayilo,
kuti dongosolo la chithandizo chake lilembedwa
m'masiku ena makumi atatu.

Kunja chipale chinali chitayamba kusungunuka,
chakuda, chikutsikira m'ngalande.

Kunyumba ndinanola pensulo ija.
Emmett anandilanda, nakwera pampando,
napita pa bokosi la 9 Epulo.
Anajambulamo basi ya mawindo asanu ndi limodzi,
woyendetsa ali ndi chipewa ngati changa,
ndipo pansi pake, lilime lili panja,
analemba pang'onopang'ono: dasi.

Ndinawerenga osapunthwa.