Mwana wa Wopha Mbuzi

Kwa M'baluku, kuseri kwa okala ya a Twaibu,
kuli kachipinda ka malata kosadziwa dzuwa.
Jenereta ikangotsokomola ana amalowa,
makwacha atanyowa thukuta m'manja.
Katswiri kumeneko ndi wanga, Sumani.
Akuti Loweruka anapha anthu makumi asanu ndi awiri
chinangwa chake chootcha chisanazizire.

Ine bambo wake ndimapha mbuzi pamsika.
Ziwiri patsiku, pa Idi sindiwerenga.
Mpeni ndimanolera kumbali, mbuzi isaone,
ndimatchula dzina la Mulungu,
ndimadikira mpaka mwendo usiye kupalasa.

Dzana ndinamupeza ataloza mlongo wake ndi chala:
"Wafa iwe, gona!"
Asiyatu anadzigwetsa pafumbi akuseka.
Ine sindinaseke.
Shehe akuti chimene diso ladya, dzanja limabzikula.
Mayi wake akuti, inu simunkasema mfuti za bango?
Munapha ndani?

Lero m'mawa ndinamuitana: gwira miyendo iyi.
Mbuzi inamuyang'ana.
Zala zija, zothamanga pamabatani ngati linthumbu,
zinanjenjemera, zinataya chingwe.
Anakasanzira kuseri kwa mulu wa makala.
Pobwerako, akupukuta kukamwa,
anati, "Ababa, aja amadzukanso."

Ndinasenda chikopa ndekha.
Sindikudziwa ngati ndithokoze
kapena ndiope mwana amene wazolowera
imfa yokhala ndi kubwereza.

Masana wapitanso kukachipinda kaja.
Ndalama ndamupatsa ndine,
yonunkha nyama.